Ndola mpaka Kitwe pa Tepi ya Agogo

Anzanga, tabwerani mukhale pansi. Iwe uli pa foniwe, igoneke kaye, inenso amene mumati ndinabadwa ndi foni m'manja ndaisiya. Kuyambira tsiku limene tinaika agogo anga aamuna aliyense akungondifunsa kuti vidiyo ili kuti, vidiyo ili kuti. Vidiyo palibe. Pali pakamwa pangapa basi, ndiye mverani.

Tsikulo ndinadzuka cha m'ma 04, kusanache. Unali usiku wachitatu tikugona pansi m'chipinda chochezera kwathu ku Chipulukusu, mipando yonse itatulutsidwa panja. Kunali kuzizira kwa mu Juni, kuja kolowa m'mafupa kudzera pa simenti. Azimayi anali atadzaza mpaka pakhomo la kukhitchini, ena akuliza mkonono atafunda chitenje kumutu, ena atakhala tsonga korona ili m'manja. Akwaya a mphakati wathu anali ataimba mpaka mawu kusasa, ndipo tsopano anali atagona moyedzamirana ngati matumba a makala. Panja pa tenti azibambo anali atazungulira moto. Ndinkangomva kutsokomola ndi kuseka kwapansipansi.

Ine ndinali nditatsamira chinthu cholimba chokulunga m'chitenje. Masiku atatu onsewo sindinasiyane nacho. Mayi wina anandifunsa ngati ndi Baibulo. Ayi, inali wailesi ya kaseti ya agogo, m'kati mwake muli tepi imodzi.

Ndikuuzeni kaye za tepi imeneyi, apo ayi simumvetsa.

Amayi anga anamwalira ndili ndi zaka zinayi, ndiye amene anandilera ndi makolo awo, agogo aamuna ndi agogo aakazi. Agogo aamuna anachoka ku Katete ali mnyamata, dziko litatsala pang'ono kulandira ufulu, nakalowa ntchito ya pansi pa mgodi ku Kitwe. Ankati masiku amenewo kopa, mkuwa uja, anali ndi mtengo, munthu wa pa mgodi ankayenda ngati nduna: nsapato zosongoka, thalauzi lotambalala kumiyendo, Loweruka ku holo ya kampani kukavina. Patapita zaka anagula galimoto yakale kwa mzungu wina amene ankabwerera kwawo, ndipo tchuthi chilichonse ankalongedza banja lonse ulendo wa kumudzi, masiku awiri pa msewu. Tepi ija anaipangira ulendo umenewo. Ankaika wailesi pafupi ndi galamafoni n'kumajambula nyimbo imodziimodzi kuchokera pa marekodi, awo ndi obwereka omwe. Rumba ya ku Congo, tsabatsaba, magitala a anyamata a m'makomboni a mgodi olira ngati injini yokwera phiri, ndi nyimbo zija anthu ankavina mbendera yatsopano itangokwera. Pa tepipo analemba ndi bolopeni. Mbali A, KUPITA. Mbali B, KUBWERA.

Galimoto inagulitsidwa ndisanabadwe, marekodi anasweka posamuka m'nyumba ya kampani kubwera kuno ku Ndola, wailesi nayo inafa. Tepi yokha inatsala m'sutikesi. Ine nditayamba kukonza mafoni, mukudziwa kuti ndinadziphunzitsa ndekha pa mavidiyo, tsiku lina ndinatsegula wailesi ija n'kupeza kuti kalamba ka m'kati ndi kamene kanaduka. Ndinaikamo kena. Itangolira, anzanga, munthu wa ndodo anaimirira pakhonde n'kuyamba kugwedeza mapewa! Kuyambira pamenepo Lamlungu lililonse masana inali ntchito yathu, ine ndi iwo pakhonde. Koma nthawi zonse mbali A. Ikatha ankati bweza kuchiyambi. Nditawapempha kuti ndijambule nyimbozo pa foni anandikaniza, ati, "Foni yakoyo inafikapo ku Katete?"

Agogo aakazi nyimbo zikangoyamba ankanyamula mphasa yawo, kulowa m'nyumba, kutseka chitseko. Ankati ndi nyimbo za ku bala. Iwo ndi a korona m'mawa, korona madzulo, ndipo ku tchalitchi ali ndi benchi yawoyawo.

Sabata imodzi asanamwalire, tili m'chipatala awiriwiri, agogo aamuna anandikoka dzanja. "Tisa, ine akandiike ku Kitwe pafupi ndi amayi ako. Ndola mpaka Kitwe ndi mbali imodzi ya tepi, ndinayesa kale. Udzandiyatsire panjira. Mbali A yokha, B usakhudze." Nditafunsa chifukwa chake anati ndili ndi mafunso ngati wapolisi wa pa rodibuloko. Ndinalonjeza. Za ku Kitwe anauza banja lonse, koma za tepi anauza ine ndekha. Mboni panalibe, ndipo vuto linali pamenepo.

Kutacha moto wa kuseri kwa nyumba unayaka. Miphika ikuluikulu yobwereka ku tchalitchi inakhala pa njerwa, nyemba zinayamba kubwata, tiyi anamuphika m'diramu lodula pakati. Utsi unkangozungulira pabwalo chifukwa cha mphepo, aliyense maso ofiira, osadziwika wolira ndi uti wa utsi ndi uti. Anthu anayamba kufika. Ena pa minibasi, ena pansi, azimayi akuyamba kulira akafika pa geti monga mwa mwambo. Ine wailesi ija ndinaibereka kumbuyo ndi chitenje kuti manja agwire ntchito.

Cha m'ma 06 anafika amalume, mwana woyamba wa agogo. Iwo amakhala ku Kansenshi mu Ndola momwemu, amagwira ntchito m'boma, ndipo maliro onsewa ankayendetsa ndi iwo. Anabwera ndi mapulogalamu osindikiza, bolopeni ili m'thumba la jekete, chilichonse chikachitika akuchonga. Ndinawadikira pa galimoto yawo, n'kugwada.

"Amalume, ndili ndi mawu a agogo."

"Tanena msanga, mwana wa mlongo wanga, ndikuthamangira ku mochale."

Ndinanena zonse. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Rumba? Pa maliro a atate anga? Abambo mfumu ali pomwepo, akwaya ali pomwepo, mabwana anga a ku ofesi akutsatira m'mbuyo? Tisa, awa ndi maliro, si ukwati. Analemba pati zimenezo?"

"Sanalembe. Anandiuza."

"Munthu wodwala amanena zambiri. Ndipo amayi uwaphe nawo ndi mtima? Ukudziwa mmene amadana nazo nyimbo zimenezo."

Anatseka chitseko cha galimoto, napita. Sanandikalipire ayi, ndipo zimene ananenazo zinali zomveka. N'chifukwa chake zinandipweteka kwambiri.

Ndinaganiza zokafunsa agogo aakazi eniake. Anali kuchipinda, atakhala pa matiresi pansi, chitenje chakuda chitaphimba mutu wonse, azichemwali awo awiri uku ndi uku ngati alonda. Namfedwa tsiku limeneli salankhula ndi aliyense wamba. Nditangogwada pakhomo wamkulu wa awiriwo anandilozera kunja ndi chibwano, ati ndikadule kabichi.

Ndinakadula kabichi. Misozi ili chuchuchu pa mpeni, mayi wina n'kunena kuti anyezi wa chaka chino ngwaukali, pomwe anyezi panalibe n'komwe. Mumtima ndinkangoti agogo ndikhululukireni, ndalephera.

Ndiye pa geti panamveka chiphokoso.

Inu amene simunakulire kuno ku migodi, ndikufotokozereni. Ife a Kum'mawa ndi Abemba timanyozana mwachisuweni, timati chimbuya. Iwo amati timadya mbewa, ife timati amadya anyani. Pa maliro athu iwo ndi amene amanyamula bokosi ndi kukwirira manda, koma alinso ndi ufulu wonena ndi kuchita chilichonse. Akupaka paudala kumaso, akubisira nsapato, anyoza womwalira yemweyo pamaso pa ana ake. Ukakwiya, wamanyazi ndiwe. Pa maliro awo ifenso timabwezera.

Amene anatsogolera gulu la Abemba tsikulo anali ba Chanda, nkhalamba imene inkalowa shifiti imodzi ndi agogo pansi pa mgodi. Anachokera ku Kitwe pa minibasi yoyamba, atavala suti ya mapewa aakulu ya nthawi ija, chipewa kumutu, botolo la paudala wa makanda m'manja. Analowa akukuwa m'Chinyanja chawo chokhotakhota: "Ali kuti kapolo wanga? Mbewa zatha mu Ndola kuti apite kukasaka kumwamba?" Azibambo pa tenti anaseka, ena akupukuta m'maso. Anazungulira bwalo lonse akuthira anthu paudala, mpaka anandipeza pa kabichi. Phu! m'mutu mwanga monse mbuu.

"Iwe mwaiche, kamtsikana iwe, mwana wabereka kumbuyoyu salira bwanji? Ana a Kum'mawa amalira usana ndi usiku."

Ndinamasula chitenje, n'kuwaonetsa. Anasiya kuseka. Anakhala pa njerwa pafupi nane, nasisita wailesi ija ngati mutu wa mwana. Ndinawauza zonse, za m'chipatala, za amalume, za agogo aakazi.

"Nyimbo yachitatu pa tepi iyi ndi rekodi yanga," anatero. "Anabwereka Loweruka lina, mpaka lero. Mbava ya ku Katete." Kenaka anandiloza ndi botolo la paudala. "Tamvera. Iwe ndiwe mwini maliro, lero ulibe pakamwa. Amalume akowo akuganiza kuti ali napo pakamwa, alibe. Mtembo wa munthu wa Kum'mawa ndi wa Mubemba mpaka utalowa m'dothi. Mabatire alimo?"

"Alimo, atsopano."

"Bereka mwana wakoyo, uziyenda kumbuyo kwanga."

Thupi linachoka ku mochale molunjika ku tchalitchi. Misa inayamba cha m'ma 09. Tchalitchi chinadzaza, ena anaima m'mawindo. Kutsogolo kunali mabenchi awiri a nkhalamba za pa mgodi, zonse chifuwa chimodzi chija chouma, wina akatsokomola mnzake amayankha. Mabwana a amalume anakhala mbali ina, nsapato zowala zitachita fumbi. Poona nkhope tinayenda pamzere. Agogo anali atawaveka tayi yofiira imene ankaikonda, pakamwa pali ngati akufuna kunena nthabwala koma akudikira kuti abambo mfumu amalize. Ndinadutsa wailesi ili kumbuyo, ndipo mumtima ndinawauza kuti ndabwera nayo.

Panja dzuwa linali litawala koma losatentha, mphepo ikuulutsa mapulogalamu a amalume. Abemba ananyamula bokosi, nalilowetsa m'galimoto ya maliro, ija yokhala ndi mipando m'mbali. Dalaivala anabwera kuti atseke chitseko cha kumbuyo. Anapeza ba Chanda atakhala pakhomo pomwepo, mwendo pamwamba pa unzake, chipewa pa bondo.

"Ba Chanda, mukwai, nthawi yatha," anatero amalume.

"Nthawi ya ndani? Uyu sakuthamangira shifiti."

"Kumanda akutidikira."

"Adikire. Munthu uyu ndamudziwa iwe usanabadwe, sanayendepo mtunda wopanda nyimbo zake. Ukufuna agone panjira atigwetsere m'ngalande? Galimoto iyi sichoka mpaka kapolo wanga wamng'onoyu atakwera ndi wailesi."

Anthu anaseka. Amalume anandiyang'ana, ine maso pansi. Asanayankhe, azimayi awiri Achibemba anawazungulira n'kuwathira paudala, jekete lakuda lija n'kusanduka la wophika buledi. Amalume anatembenukira kwa abambo mfumu kuti awathandize. Abambo mfumu anakweza manja, ati, "Ine ntchito yanga yathera pa guwa, ndikayambiranso kumanda. Komanso ndine Mubemba." Anthu anasekanso. Wapampando wa mphakati ndi amene anabwera ndi nzeru. Anati akwaya aimbe mpaka titatuluka mu Ndola, wailesi itenge msewu waukulu, ndipo tikafika pa mlatho wa Kafue akwaya alandirenso mpaka kumanda.

"Amayi sangalole," anatero amalume. Awa anali mawu awo otsiriza, ndipo aliyense ankadziwa kuti ndi olemera.

Nthawi yomweyo agogo aakazi anali akubwera, atagwiridwa uku ndi uku, mutu uli chiphimbire. Anaima pafupi ndi chitseko. Sanavundukule chitenje. Mawu anatuluka m'kati momwemo.

"Musiyeni Mubembayo. Tikuchedwa."

Basi. Amalume anatulutsa bolopeni, nayang'ana pulogalamu yawo, naibwezanso m'thumba osalemba kanthu.

Tinakwera. Kutsogolo dalaivala ndi amalume. Kumbuyo agogo aakazi ndi mchemwali wawo mmodzi mbali iyi, ine ndi ba Chanda mbali iyo, bokosi pakati pathu. Kumbuyo kwathu lole ya akwaya, mabasi awiri, ndi magalimoto akuthwanimitsa nyali. Tinadutsa m'tauni pang'onopang'ono, akwaya akuimba, anthu m'mbali mwa msewu akuvula zipewa, amayi ogulitsa akuimirira pa matebulo awo. Nyumba zotsiriza za Ndola zitatsala m'mbuyo, nyimbo ya pa lole inatha. Ba Chanda anandigunda ndi chigongono.

"Dina."

Ndinaika wailesi pa miyendo, n'kudina. Poyamba kunali kuja kwa tepi, fwiii, kenaka kuthetheka kwa singano pa rekodi, kenaka gitala. Anzanga, nyimbo imeneyo ndaimva kambirimbiri pakhonde, koma sindinaimvepo ikuyenda. Pa msewu ndi ina! Ng'oma ikugwirizana ndi matayala, mitengo ikudutsa pa nthawi yake, matumba a makala ndi milu ya mbatata m'mbali mwa msewu zikubwera n'kupita ngati nazonso zili mu nyimbo. Ndi pamene ndinamvetsa chimene ankatanthauza ponena za foni yanga. Malole a kopa ankatidutsa mbali inayo. Dalaivala, mnyamata wa msinkhu wanga, anayamba kugogoda chiwongolero ndi chala, atazindikira anasiya, kenaka anayambiranso.

Nyimbo yachitatu itayamba ba Chanda anagogoda bokosi. "Wamva? Yanga iyi. Ukafika uko ukaulule kwa amene akakufunseyo kuti unaiba." Kenaka anaphimba nkhope ndi chipewa, ndipo sanaichotse mpaka nyimbo inatha.

Paja ndati agogo ankajambula poika wailesi pafupi ndi galamafoni, ndiye tepi inatola ndi za m'nyumba zomwe. Pakati pa nyimbo yachinayi pamamveka mwana akufunsa kuti atate tinyamuka liti, kenaka mawu a agogo ali anyamata, "Chete iwe, ndikujambula!" Ine ndinkangoseka pamenepo Lamlungu lililonse, osadziwa kuti mwanayo ndani. Amalume anatembenuka pang'ono.

"Ndine ameneyo," anatero, osauza aliyense kwenikweni. "Ndinali nditavala kale nsapato kuyambira m'mawa. Ulendo unali wa mawa lake."

Titayandikira mphambano ya ku Luanshya, woimba anayamba kukoka mawu ngati waledzera. Ndinadziwa. Ndinadina msanga, n'kutsegula. Tepi inali itakodwa, kachingwe kabulauni katatuluka kotalika ngati mkono wanga, kopindikapindika. Ikaduka apa ndiye kuti agogo ndawasiya pakati pa msewu. Ndinaikoka pang'onopang'ono ndi chikhadabo, inatuluka yosaduka, koma yofunika kukulunga, ndipo chala changa sichinkalowa bwino pa kabowo. Ndinayang'ana uku ndi uku. Ndiye kuchokera kutsogolo kunabwera dzanja. Amalume, osatembenuka, akundipatsa bolopeni yawo ija yochongera pulogalamu.

"Zungulitsa mofatsa," anatero. "Atate ankandipatsa ine ntchito imeneyo."

Ndinakulunga, ndinabwezera, ndinadina. Inalira.

Chakumapeto pali nyimbo ina yodekha ya rumba, ndipo kumbuyo kwake kumamveka khanda likulira, kenaka chitseko chikutsekedwa. Amalume nthawi ino anatembenuka thupi lonse, paudala akadali m'makutu.

"Tisa, akulirawo ndi amayi ako."

Zaka zonsezi ndinkamva khanda limenelo. Agogo sanandiuzepo. Ndinagwira wailesi ndi manja awiri kuti isagwe, ndinalira, ndipo nditaweramitsa mutu ndinaona chinthu china. Pansi pa chitenje chakuda cha agogo aakazi, chala chachikulu cha phazi chinkagunda pansi. Osati mwangozi ayi. Chinkatsata ng'oma, ndipo pamene gitala amadumpha, nachonso chinkadumpha. Ndinayang'ana ba Chanda. Anali ataona kale, anangonditsinzinira diso.

Matayala akutsogolo atangogunda mlatho wa Kafue, wailesi inati khwa, n'kuzima yokha. Mbali A yatha. Agogo sananame, anayesadi.

"Tembenuza," anatero ba Chanda.

"Anati B ndisakhudze."

"Ine ndine Mubemba, ndikuti..."

Dzanja la agogo aakazi linatuluka m'chitenje, linadutsa pamwamba pa bokosi, n'kukhala pa wailesi. Silinachite china. Ba Chanda, munthu amene anaimitsa maliro onse pa tchalitchi, anangovomera mwaulemu m'Chibemba, "Eya mukwai," n'kukhala bwinobwino. Kumbuyo akwaya anayamba nyimbo yawo, ndipo tinalowa mu Kitwe phiri lakuda lija la zotsalira za mgodi likuoneka patsogolo.

Kumanda kunali maliro ena atatu nthawi imodzi, nyimbo zikulowana, fumbi lofiira likuuluka. Dzenje la agogo linali mizere iwiri kuchokera pa amayi anga. Abambo mfumu anapemphera, anawaza madzi, bokosi linatsika. Abemba anagwira mafosholo akunyoza kuti munthu wodya mbewa salemera, dothi lochepa lomwe likwana, koma anakwirira bwinobwino mpaka kusalaza ndi manja. Nkhalamba za pa mgodi zinaima pamodzi zipewa zili pa chifuwa. Poika nkhata anaitana namfedwa, ana, kenaka adzukulu. Ine ndinaika duwa langa wailesi ili kumbuyo, kenaka ndinapatuka kukazula udzu pa manda a amayi. Foni yanga inali itazima kuyambira m'mawa chifukwa magetsi kunalibe masiku awiri, ndipo kunena zoona sindinaikumbukire n'komwe. Ndiye vidiyo yanu ndi imeneyo.

Tinabwerera ku Ndola cha m'ma 15. Pa geti panali mabeseni a madzi, aliyense kusamba m'manja asanalowe. Anthu anadya, nayamba kutsanzika. Amalume anapita okha kwa ba Chanda, nagwada pa fumbi ndi suti yawo, kuwagwira dzanja ndi manja awiri. Ba Chanda anawauza kuti adzuke, akuwononga thalauzi la boma. Atandiona anati, "Iwe mwaiche, tsiku langa udzabwere ndi paudala wambiri. Ukadzandichitira ulemu ndidzakukwiyira." Ndinawaperekeza mpaka pa siteji. Ndinawanyamulira chipewa pokwera minibasi. Bolopeni ya amalume ndinaipeza m'chitenje changa madzulo. Nditafuna kubweza anati ndiisunge, izikhala ndi wailesi.

Dzuwa likulowa tenti inali itapasulidwa, miphika itatsukidwa n'kuvundikiridwa pa njerwa, pabwalo patatsala phulusa ndi mapazi a anthu. M'nyumba munatsala achibale ochepa a kumudzi, otopa, akulankhula motsitsa. Ndodo ya agogo inali pakhonde pamalo pake, palibe amene anaisuntha. Nyumba ija ya phokoso masiku atatu inangoti zii, moti ndinkamva mpopi wa kuseri ukudontha.

Mchemwali wa agogo anabwera kudzandiitana, ati akukufuna kuchipinda, ubwere ndi katundu wako. Ndinalowa, ndinagwada. Agogo aakazi anali atavundukula mutu. Nkhope yaing'ono, maso otupa.

"Unkaganiza kuti ndimadana nazo?"

"Munkatseka chitseko, agogo."

"Ndinkatseka kuti a mphakati akamadutsa asandione ndikuvina." Mchemwali wawo anaseka mpaka kutsokomola. "Agogo akowo ndinawapeza ku holo ya mgodi, sabata ya ufulu. Ankavina ngati akupha nyerere. Ndinawaphunzitsa ndine. Popita kumudzi tinkamvera zawo, pobwera zanga. Mbali B ndinasankha ndekha, imodziimodzi."

"Nanga bwanji sankaiyatsa?"

Anasalaza chitenje pa bondo.

"B tinajambula mochedwa, amayi ako ali kale pa sukulu. Kumapeto kwake tepi inatsala pang'ono, ndiye anaimbapo iwo, nyimbo yonse, okha. Titawaika ku Kitwe kuja ndinauza agogo ako kuti mbali imeneyo ndisadzaimvenso ndili ndi moyo. Anasunga mawu anga zaka zonsezi." Anandigwira pa mkono. "Lero wawaperekeza bwino, mwana wa mwana wanga. Zikomo. Tsiku langa likadzafika, msewu ndi womwewo. Udzatembenuze. Osati lisanafike."

Ndinavomera. Nanga ndikanati chiyani?

Ndinatuluka, ndinakakhala pakhonde pafupi ndi ndodo ija. Ndikuthokoza, anzanga, ndikuthokoza kwambiri. Agogo anayenda ulendo wawo ndi nyimbo zawo, ndipo sindinawanamize. Koma taonani pamene andisiya. Ine mawu a amayi anga sindiwakumbuka, amene ndikuwadziwa ndi a khanda lija basi. Ndipo ali umu, akuimba nyimbo yonse. Tepi ili kumapeto kwa A, kutanthauza kuti B ili pachiyambi penipeni, sipafunika ngakhale bolopeni. Mabatire akadali ndi mphamvu. Mahedifoni ndili nawo, palibe angamve. Tepiyo ndi yakale, inakodwa kale kamodzi, ndani akudziwa ngati idzadikira? Koma agogo aamuna anadikira zaka zonsezi wailesi ili pa miyendo pawo, osatembenuza, ndipo agogo aakazi ali m'chipindamo akugona tulo tawo toyamba m'masiku atatu chifukwa akhulupirira mawu anga.

Mpaka lero sindinatsegule. Ili m'sutikesi, m'chitenje chomwe chija. Ndiye tandiuzani, mukanakhala inu pakhonde paja, tepi ili m'manja, mukanatani?